Chumuni chikudontha, ndikonze ndekha kapena ndiitane kontilakitala?

Mwininyumba Watsopano: Moni nonse pagulu pano. Ndikufuna nzeru zanu chifukwa nkhaniyi yatsala pang'ono kutiyambanitsa ine ndi madamu. Tinagula nyumba yakale ndithu, ya njerwa, ili ndi chumuni cha powothera moto pabalaza. Mvula ikagwa yamphamvu pa siling'i pafupi ndi chumunicho pakumanyowa ndipo banga lake likungokulirakulira, pano lafika ngati beseni. Ndinaima panja ndikujambula ndi foni, chithunzi ndaika pagulu pano, ndaona kuti matope a pakati pa njerwa kumtunda kuja anaguluka, malo ena mutha kulowetsa chala, ndipo simenti wa pamwamba penipeni anang'ambika pakati. Ndinaitana kontilakitala, anabwera, anazungulira nyumba kawiri manja ali m'thumba, sanakwere n'komwe, madzulo ake ananditumizira kotesheni yoti nditaiwerenga ndinayamba ndakhala pansi. Mlamu wanga akuti tigule thumba limodzi la simenti ndi mchenga, Loweruka limodzi tamaliza, makwerero ali nawo. Madamu akuti ngati ndikwere padengapo ndiyambe ndalemba wilo kkkk. Amene munakumanapo nazo, ntchito imeneyi munthu wamba angaithe kapena ndingolimba mtima ndilipire?

Dzichitire Wekha: Achimwene musaopsezedwe, kubwezeretsa matope pakati pa njerwa sikufuna digiri. Changa ndinakonza ndekha ndipo zaka zitatu tsopano sichinadonthe. Mumagoba matope akalewo ndi tchizulo ndi hamala, kuchotsa fumbi, kunyowetsa njerwa, kenako kulowetsa atsopano basi. Pa YouTube mavidiyo ali mbwee. Makontilakitala akangomva mawu oti chumuni amawonjezera ziro kumapeto.

Namwino wa Usiku: Ndisanalankhule zambiri, nyumbayo ndi yosanja? Nanga denga lake ndi lotsetsereka bwanji?

Mwininyumba Watsopano: Ndi yosanja kamodzi achemwali, denga la matailosi, lotsetsereka ndithu moti mpira ukagwerapo subwerera mochedwa

Namwino wa Usiku: Ndiye madamu anuwo ndili nawo mbali imodzi. Anthu ogwa padenga amene ndimawalandira ambiri sakhala amisiri, amakhala azibambo oti Loweruka anati ndingokwera pang'ono ndikaone. Ndipo sagwa akugwira ntchito, amagwa potsika, dzanja limodzi lili ndi ndowa, miyendo yatopa, phazi likufufuza makwerero osawaona. Msana ukathyoka ndalama zomwe mumapulumutsazo sizikwana ndi mwezi umodzi womwe wa kuchipatala.

Wokhoma Madenga: Ine ndiyankhe za kudonthako kaye chifukwa mwina nonse mukuthamangitsa mbava yolakwika. Banga la pa siling'i pafupi ndi chumuni nthawi zambiri silichokera m'matope a njerwa, limachokera pa flashing, kutanthauza timalata tomwe timatseka mpata wa pakati pa chumuni ndi denga. Timeneti timakhala ta mitundu iwiri. Tina timapindidwa ngati L n'kulowa pansi pa mzere uliwonse wa matailosi kukwera ngati masitepe, tina timalowetsedwa m'khoma la chumuni pa mzere wa matope n'kupindikira pansi kuphimba toyamba tija. Chifukwa chake n'choti denga ndi chumuni sizisuntha mofanana, matabwa amafufuma n'kufota, njerwa zili chiimire, ndiye malatawo amayenera kutsetserekana osang'ambika. Wina akangopaka phula kapena silikoni pamenepo zimagwira nyengo imodzi kapena ziwiri kenako mng'alu.

Ndipo ngati chumuni chanu n'chotambalala kupitirira masentimita 76 ndipo chili chakumunsi kwa denga, kumbuyo kwake kumafunika kadenga kakang'ono kogawa madzi kuti asamaime pamenepo. Nyumba zambiri zakale kalibe, mumakapeza masamba owola ndi matope kuseri kwa chumuni.

Yesani izi ngati mungapeze wokwera motetezeka: munthu mmodzi akhale m'siling'i ndi tochi, wina athire madzi ndi paipi kuyambira pansi pa chumuni, adikire mphindi zingapo, akwereko pang'ono, adikirenso. Pomwe madzi ayambe kulowa mwapeza vuto. Mukayambira pamwamba simudziwa kanthu chifukwa zonse zinyowa pamodzi.

China, kontilakitala wosakwera uja sanakupatseni kotesheni, anakupatsani maloto ake. Munthu sungatchule mtengo wa chinthu chomwe sunachione.

Mwininyumba Watsopano: Eee ndiye kuti ine ndi mlamu tikanamata njerwa zonse bwinobwino mvula n'kubwera n'kudonthabe?

Wokhoma Madenga: Zimachitika kwambiri. Kenako mumayamba kunena kuti simenti wake anali wabodza kkk

Mmisiri Wopuma: Mwana wanga, ndagwira njerwa zaka zambiri mpaka mawondo anandikana, ndiye mundilole nditalikitseko. Mlamu wanuyo ndi thumba lake la simenti ndi amene akundiopsa kuposa denga.

Nyumba zakale zambiri anamangira matope a laimu, osati simenti uyu wa masiku ano. Matope a laimu ndi ofewa ndipo amapuma, chinyezi chikalowa m'khoma chimatulukira m'mizere ya matope. Njerwa zakenso zimakhala zofewerapo. Inu mukabwera ndi simenti wolimba kwambiri n'kutseka mizere ija, chinyezi chimasowa potulukira ndiye chimadutsa m'njerwa momwemo, ndipo khoma likamafufuma ndi kutentha chomwe chimagonja ndi njerwa osati simenti. Pakapita zaka zingapo mumaona nkhope za njerwa zikusupuka kugwa pansi, mizere ya simenti ili njo ngati nthiti. Kumalo kozizira kwambiri koti madzi amaundana m'khoma zimafulumira koposa. Lamulo lathu linali loti matope akhale ofewa kuposa njerwa, chifukwa matope mutha kubwezeretsa, njerwa ikafa yafa.

Tengani msomali mukakande mzere wa matope pomwe mungafikire muli pansi. Ngati ukufumbutuka mosavuta, woyererako, muli timabuluma toyera, ameneyo ndi laimu ndipo mubwezeretse ndi laimu yemweyo. Ngati ndi nyumba ya njerwa zolimba za masiku ano, kasakanizidwe kodziwika ka panja ndi muyeso 1 wa simenti, 1 wa laimu, 6 ya mchenga.

Pogoba musangokanda pamwamba. Lowani mkati pafupifupi kawiri kukula kwa mzerewo, tinene masentimita 2, kapena mpaka mutapeza matope olimba. Matope ongopaka pamwamba ngati batala amagwa chaka chomwecho. Galainda isamaleni nayo, dzanja losazolowera limadya m'mphepete mwa njerwa, ndipo fumbi lake ndi loipa m'mapapo, valani masiki yeniyeni. Munyowetse, mulowetse pang'onopang'ono mukutsindira, osagwira padzuwa loswa mtengo kapena pozizira kutsika madigiri 5, ndipo masiku angapo otsatira muziwaza madzi kuti asaume mothamanga.

Zonsezi munthu wodekha atha kuphunzira, sindikukana. Koma funso langa ndi ili, mkati mwa chumunimo munasuzumiramo?

Dzichitire Wekha: Agogo mwafotokoza bwino ndithu, za laimuzi sindimazidziwa, ine ndinangosakaniza simenti ndi mchenga 😅 koma mwaona nokha kuti mwavomera kuti munthu atha kuchita yekha

Mmisiri Wopuma: Ndavomera za matope mwana wanga. Za chumuni sindinavomere.

Wowerenga Chabe: Ine ndimangowerenga pagulu pano koma apa ndiyankhepo chifukwa mukulankhula ngati kulemba kontilakitala ndiye kuti wapulumuka. Ine ndinalemba. Anabwera ndi galimoto yolembedwa bwino, mayunifolomu, chilichonse, anapempha dipoziti yoposa theka akuti ya zipangizo ndinapereka. Anakwera anyamata awiri, maola atatu atsika akuti tamaliza bwana. Mvula yoyamba madzi chuchuchu malo omwe aja. Nditatuma munthu wina kukajambula, anangopaka phula lakuda kuzungulira chumuni chonse ngati akumata poto wobooka, simenti wa pamwamba anangomuthira kamadzimadzi kubisa mng'alu. Foni kuimba sikuyankhidwa, kenako nambala inasiya kupezeka. Wachiwiri amene anabwera kudzakonza anandilipiritsanso yochotsa phula lija chifukwa linamatirira pa njerwa ndi matailosi. Mxii. Mpaka lero ndikaona phula mtima umandipweteka.

Wokhoma Madenga: Pepani akulu. Safunsa anadya phula ndiye imeneyi kkkk pepani sindikuseka inu. Koma zoona anthu otere amatiipitsira mbiri tonse. Ine ndimauza makasitomala anga omwe kuti pezani makotesheni atatu, iliyonse yolembedwa ndipo itchule ntchito payokhapayokha, osati mzere umodzi woti kukonza chumuni. Ilembe kuti flashing achotsa yakale kapena angomata, malata ake ndi amtundu wanji, pamwamba aphwanya n'kuthira konkire watsopano kapena ayi, zinyalala achotsa ndani. Wokwera akujambulireni zithunzi asanayambe komanso akamaliza chifukwa inu simukafikako. Mufunse pepala la inshuwalansi muliwone ndi maso, wantchito wake akagwa pabwalo panu nkhani isakhale yanu. Mufunse nyumba yomwe anakonza zaka ziwiri zitatu zapitazo osati ya sabata yatha, ya sabata yatha iliyonse imaoneka bwino. Ndalama muzipereka m'magawo ndipo gawo lomaliza likhale lalikulu moti sangalithawe.

Mayi wa Mapasa: Agogo afunsa za mkati ndipo palibe wayankha, ndiye ndinene zanga. Ife chaka china nyengo yozizira tinkadzuka tonse mutu ukuwawa, ana kuchita nseru, ine chizungulire, tikatuluka kupita kuntchito ndi kusukulu masana tili bwinobwino, madzulo tikayatsa moto zayambanso. Tinkaganiza chimfine, mapanado kumwa. Chinatipulumutsa ndi mlendo amene anagona kwathu n'kudzukanso ndi mutu womwewo, ndiye anati apa si matenda apa. Wosesa machumuni atabwera anatulutsa chisa cha mbalame chodzaza ndowa ziwiri, timitengo, udzu, ndi mbalame yakufa yomwe. Kunja chumuni chinkaoneka chabwinobwino, njerwa zonse zili m'malo. Utsi wooneka sunkabwerera wambiri n'chifukwa sitinakayikire.

Namwino wa Usiku: Mayi munapulumuka. Imeneyo ndi carbon monoxide, mpweya wa poizoni wochokera ku moto, ilibe fungo, ilibe mtundu, siyabwa m'maso. Paja amati tsoka silinunkha, apa ndiye zenizeni. Ikalowa m'magazi imakakamira pa hemoglobin, chonyamula mpweya wabwino wa oxygen m'magazimo, mwamphamvu kuposa oxygen maulendo oposa 200, ndiye thupi limasowa mpweya munthu akupuma bwinobwino. Zizindikiro ndi zomwe mwanenazo, mutu, chizungulire, nseru, kufooka, ndipo chokayikitsa kwambiri ndi choti onse m'nyumba akudwala nthawi imodzi n'kumapeza bwino akatuluka. Ogona ena sadzuka n'komwe. Aliyense woyatsa moto m'nyumba agule kachipangizo kolira kakamva mpweya umenewu, akaike pafupi ndi zipinda zogona, mabatire aziyesa. Kaya mukonza nokha kaya mulemba munthu, kameneka kagulidwe kaye.

Wokonda Mbiri: Mukudziwa kuti ku Britain kale ankalowetsa ana ang'onoang'ono m'chumuni kuti azisesa ndi manja? Dokotala wina, Percivall Pott, mu 1775 anaona kuti osesa machumuni ambiri akudwala khansa ya kumaliseche ndipo anailumikiza ndi mwaye, ndi imodzi mwa nthawi zoyamba khansa kulumikizidwa ndi ntchito yomwe munthu amagwira. Malamulo anakhazikitsidwa kangapo osatsatidwa mpaka la mu 1875 ndi lomwe linathetsadi. Ndiye mwayewo si dothi wamba, mukamasesa valani masiki ndi magolovesi, mukasambe mukamaliza

Adimini: Zikomo aphunzitsi koma tibwerere kwa achimwene athu asanatumize mwana wawo m'chumuni kkkk. A Mwininyumba, mwasuzumira?

Mwininyumba Watsopano: Ndabwera. Ndinayala katoni pamalo oyatsira moto, ndinagona chagada, kutsegula kachitseko kachitsulo ka pakhosi pa chumuni kaja, kanali kolimba ndi dzimbiri ndinachita kukamenya ndi chigwiriro cha hamala. Katangotseguka zinandigwera kumaso zinthu, mwayi ndinavala magalasi. Mwaye wokhawokha ayi, munali tizidutswa ta dongo lootcha ngati ta mphika wosweka, tofiirira, tina tokula ngati chikhatho, mbali imodzi tosalala mbali ina takuda. Ndawerenga tisanu ndi tiwiri. Ndinalowetsa foni ndi tochi kuloza kumwamba, kuwala kwa kunja kukuoneka ndithu ndiye sichinatsekeke, koma makoma a mkati akunyezimira, zakuda ngati phula louma, ndinayesa kukanda ndi sikuludiraiva sizikuchoka, zangochita kamzere. Fungo lake ngati nyumba yopsa. Madamu andipeza ndili bii ngati makala ndipo sanandifunse n'komwe, angondipatsa thaulo

Mmisiri Wopuma: Musayatsenso moto mmenemo. Lero, mawa, mpaka wodziwa ataona.

Tizidutswa tomwe mwatolato ndi ta mapaipi a dongo omwe amasanjikizidwa mkati mwa chumuni kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ntchito yake ndi kusunga utsi ndi kutentha m'njira yake kuti zisafike pa njerwa ndi matabwa a denga. Paipi yotere siimangosweka yokha. Nthawi zambiri imasweka chifukwa cha kutentha kodzidzimutsa, kutanthauza kuti mwina m'chumunimo munabukapo moto eni ake akale asanakugulitseni, mwina iwo osadziwa n'komwe, kapena madzi olowera pa mng'alu wa pamwamba uja akhala akuidya kwa zaka.

Zonyezimirazo ndi creosote, utsi wa nkhuni womwe unazizira n'kumata pakhoma. Imayamba ngati mwaye wofumbutuka woti bulashi imachotsa, kenako makoko okhakhala, pomaliza imauma ngati galasi, ndiyo yanuyo. Imeneyo bulashi ya m'sitolo imangoisisita. Ndipo imayaka. Moto wa m'chumuni umatha kupitirira madigiri 1,000, umalira ngati sitima ikudutsa padenga. Paipi ikakhala yathunthu nyumba itha kupulumuka, ikakhala yosweka motowo umapeza mpata kupita ku matabwa.

Apa ndiye malire anga ali pamenepa. Za kunja zooneka ndi maso, matope, kachipewa ka pamwamba, kusesa mwaye wofewa, munthu wakhama achite. Njira ya utsi ayi. Ukalakwitsa matope a kunja umadziwa ndi banga pa siling'i. Ukalakwitsa mkati umadziwa usiku anthu ali mtulo.

Dzichitire Wekha: Koma agogo ndinamva kuti ukayatsa moto waukulu kwambiri wa makatoni zonsezo zimapsa n'kuyera zokha, komanso kuli tizipika tina ta mankhwala togulitsa toti ukayatsa timatsuka chumuni

Wokhoma Madenga: Aise chonde fufuta komentiyo wina asayesere. Moto waukulu wa makatoni ndi njira yeniyeni yoyatsira chumuni, ukufuna munthu awotche nyumba dala? Tizipika ta mankhwalato timathandiza kufewetsa pang'ono kuti wosesa asavutike, sitilowa m'malo mwa kusesa ndipo paipi yosweka sitingailumikize.

Dzichitire Wekha: Chabwino ndagonja pamenepo. Ndinene chilungamo, nyumba yanga si yosanja, denga lake ndi logona moti ndimayendapo ngati pabwalo, ndipo chumunicho sitiyatsamo moto chiyambire. Ndiye mwina nkhani yanga ndi ya achimwenewa sizikufanana

Mayi wa Mapasa: Ndiye mukanayamba ndi zimenezo bambo inu kkkkk munthu akanakwera nyumba yosanja chifukwa cha inu

Woyendera Nyumba: Ndiwonjezere pa mawu a agogo. Ku America kuli muyezo wotchedwa NFPA 211 womwe umati chumuni chiziyenderedwa kamodzi pachaka, ndipo unagawa kuyenderako m'magawo atatu. Loyamba ndi kungoona zomwe zikufikirika, pamene palibe chasintha. Lachiwiri ndi lolowetsa kamera mkati monse, kuonanso m'siling'i, ndipo limafunika nyumba ikamagulitsidwa, mukasintha mtundu wa choyatsira, kapena pakachitika ngozi ngati moto wa m'chumuni. Lachitatu ndi lochita kugumula mbali ina kuti aone zobisika. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake koma nzeru yake ndi yomweyo, ndipo inu mukugwera pa lachiwiri pa zifukwa ziwiri, mwangogula kumene komanso mwatola zidutswa. Osesa amanenanso kuti mwaye ukafika mamilimita 3 kukhuthala kwake chisesedwe.

Ndiye musafunse kaye kuti akonze ndani, simunadziwe chomwe chikufunika kukonzedwa. Lipirani munthu wa kamera akupatseni vidiyo ndi lipoti lolembedwa, ngati n'kotheka akhale wosiyana ndi amene adzagwire ntchito kuti asakuwonjezereni matenda. Mukatenga lipotilo kupita nalo kwa makontilakitala atatu onse azitchula mtengo wa ntchito imodzi. Afunseninso a inshuwalansi yanu ndi ofesi yoona zomangamanga kwanuko, malo ambiri kuika paipi yatsopano m'chumuni kumafuna chilolezo kapena munthu wovomerezeka, ndipo nyumba ikadzapsa funso loyamba limakhala loti anagwira ndani.

Mlamu Wake: Moni nonse, ine ndi mlamu wonenedwa uja, andilowetsa pagulu kuti ndidziyankhire ndekha kkkk. Agogo ndakumvani ndipo simenti ndamuika pambali. Koma funso langa, poti pamwamba ndi pomwe pawonongeka kwambiri, bwanji osangogumula mizere isanu kapena isanu ndi umodzi ya pamwambayo chumuni chikhale chachifupi, tithire simenti watsopano basi? Njerwa zochepa, ntchito yochepa

Wokhoma Madenga: Alamu, kutalika kwa chumuni si kokongoletsa. Ndi komwe kumakoka utsi, komanso kumateteza denga ku zothetheka. Muyezo wodziwika ndi woti chitalike masentimita 90 kuchokera pomwe chatulukira padenga, komanso chipose ndi masentimita 60 chilichonse chomwe chili pafupi nacho mkati mwa mamita 3, kuphatikizapo msonga ya denga. Mukachidula mphepo yodutsa pamsonga imakankhira utsi pansi, pabalaza ponse fuu. Ndipo njerwa imodzi ikakupulumukani kuchokera pamwambapo imaswa matailosi angapo isanafike pansi pomwe mwina pali mwana.

Za makwerero anuwo, amaima phazi lake mita 1 kuchoka pakhoma pa mamita 4 aliwonse okwera, apitirire m'mphepete mwa denga ndi mita 1, ndipo amangidwe. Koma makwerero ndi okwerera, si ogwirirapo ntchito ya manja awiri. Ntchito ya chumuni pa nyumba yosanja imafuna nsanja, ndipo mu kotesheni ija gawo lalikulu mwina ndi la nsanjayo.

Mmisiri Wopuma: Ndipo pamwambapo sipathiridwa matope omangira, alamu. N'chifukwa chake pamang'ambika, omanga ambiri amangopaka matope otsala m'wilibala kuti aweruke. Pamafunika konkire weniweni wa timiyala, wotsetsereka kuti madzi asaime, wopitirira khoma pang'ono ndipo kunsi kwake mugobe kamzere kuti madzi adonthere pansi osatsata njerwa. Pozungulira paipi musiye kampata kotsekedwa ndi zomatira zofewa zopirira kutentha, chifukwa paipi ikatentha imafufuma, mukaimanga ndi konkire chimodzi chisweka. Pamwamba pake kachipewa kokhala ndi sefa ya waya, mvula ndi mbalame za mayi aja zisalowe. Ndipo wina asakunamizeni kuti pakani penti njerwa kuti madzi asalowe, penti imatsekera chinyezi mkati. Ngati mukufuna mankhwala othamangitsa madzi pezani omwe amalola khoma kupuma, ndipo apakidwe zonse zitakonzedwa kale.

Wowerenga Chabe: Funso lina lomwe palibe wafunsa, motowo mumaufunadi? Ine pambuyo pa mavuto anga ndinangochitseka. Zimachepetsa ntchito kwambiri

Woyendera Nyumba: Ndi njira ndithu, bola chisatsekedwe ndii. Chumuni chosagwira ntchito chimafunabe kampweya kodutsa, kachipewa kopumira pamwamba ndi kasefa pansi, apo ayi chinyezi chimaunjikana mkati n'kusakanikirana ndi mwaye wakale, pakhoma la m'chipinda pamatuluka mabanga achikasu onunkha. Komanso flashing ndi pamwamba zikonzedwebe, mvula siidziwa kuti mwasiya kuyatsa.

Mwininyumba Watsopano: Madamu akuti chimodzi mwa zomwe anaikondera nyumbayi ndi powothera moto pomwepo ndiye zotseka iwalani

Mwininyumba Watsopano: Abale ndabweranso patapita masabata awiri. Wa kamera anabwera, tinaonera limodzi pa sikilini. Mapaipi awiri osweka ndipo imodzi ili ndendende pomwe chumuni chikudutsa m'siling'i, pafupi ndi matabwa, chidutswa chinachoka moti njerwa ya kuseri ikuoneka. Nditaona pamenepo thupi linachita tsembwe chifukwa mwezi woyamba titalowa tinayatsa katatu ana ali m'chipinda cha pamwamba pomwepo. Kudontha kuja a Wokhoma Madenga munalasa, ndi flashing, wina anamatapo phula kalekale, kuseri kwa chumuni kunali masamba owola odzaza.

Ndinatenga makotesheni atatu ndi lipoti lija m'manja. Woyamba uja wosakwera sanatchule za mkati n'komwe pa kotesheni yake yoyamba ndiye ndinamusiya. Amene ndasankha si wotchipa kwambiri koma anakwera yekha, anandionetsa zithunzi, pepala la inshuwalansi anatulutsa ndisanamalize kufunsa. Tagwirizana kuti iwo achotsa creosote ndi mapaipi osweka, alowetsa paipi ya chitsulo chosachita dzimbiri yokutidwa ndi zosunga kutentha, flashing yatsopano ndi kadenga ka kuseri kaja, konkire wa pamwamba ndi kachipewa, komanso mizere ya njerwa ya pamwamba pa denga. Ine ndi mlamu titenga mbali ya chumuni yotsika ndi khoma la panja, kuyambira pansi mpaka pomwe tingafike titaima pa kansanja kakafupi, kumeneko matope agulukanso malo ambiri ndipo achotsa ndalama yake pa kotesheni. Ndakanda ndi msomali monga munanenera agogo, ndi laimu, timabuluma toyera tili mbwee. Kachipangizo ka carbon monoxide ndagula tiwiri.

Wokhoma Madenga: Mutu umodzi susenza denga ndiye mwaonetsa kkk. Kungoti zomwe mwagawanazo zilembedwe papepala, mzere uti ndi wawo uti ndi wanu, kuti galanti yawo isadzafe chifukwa choti munagwirapo. Ndipo nsanja yawo musakwerepo iwo kulibe ngakhale ikukuitanani bwanji, inshuwalansi yawo siikudziwani. Akamaliza apange mayeso a utsi inu mulipo, wina akhale m'siling'i akuyang'ana.

Namwino wa Usiku: Madamu apatsidwe ulemu wawo pagulu pano chonde

Mwininyumba Watsopano: Akuwerenga nane pano, akuti alandira

Mmisiri Wopuma: Yambani ndi kachigawo kakang'ono kobisika, njerwa khumi basi, mudikire sabata muone mtundu wake ukauma musanapitirire, mchenga ndi umene umasintha mtundu. Laimu amawotcha khungu ndi maso, magolovesi ndi magalasi musavule. Mukadzayamba kuwotha, nkhuni zikhale zouma bwino, chinyezi chosapitirira 20 peresenti, zaziwisi ndi moto wonyeka mofooka ndi zomwe zinakupangirani galasi lakuda lija. Mundijambulire mizere yoyambayo ndione dzanja lanu.

Mlamu Wake: Nanga thumba la simenti lija agogo, ndinagula kale ndipo risiti ndinataya

Mmisiri Wopuma: Pa chithunzi choyamba chija ndinaona sitepe ya pakhomo la kukhitchini yabenthuka pakona. Yambirani pamenepo alamu, ndi pafupi ndi pansi.